Kuchokera pa maikulosikopu mpaka kutchulidwa m'mapepala a anzanu: njira ya wofufuza za tizilombo ndi chitetezo cha m'thupi

Mtsikana wina amene tinkagwira naye ntchito mu labu kuno ku Lilongwe anandipanikiza ndi funso tsiku lina madzulo, tikudikira minibasi ya ku Area 25. "Achimwene," anatero, "anthu awa timawamva kuti ali ndi h-index ya 40, anayambira pati? Ine zaka zinayi ndili pa maikulosikopu kuwerenga masilaidi a malungo, maso afika potopa, koma mukalemba dzina langa pa Google chotuluka ndi chithunzi cha pa ukwati wa asisi anga basi."

Tinaseka tonse, koma minibasi itabwera tinakwera aliyense ali duu. Yankho limene ndinalephera kumupatsa tsiku lija ndi limene ndikulemba pano, ndipo ndikulembera aliyense amene mtima wake uli pa kafukufuku wa tizilombo ta malungo, likodzo ndi kaodzera, komanso pa mmene asilikali a m'thupi amalimbanirana nato. Tigwirizane kaye pa mawu amodzi. Wofufuza wina akamalemba pepala lake n'kuika pepala lanu pamndandanda wa ntchito zimene watsamirapo, ndiye kuti mwatchulidwa kamodzi. Pa Chingelezi amati citation. Manambala onse amene anthu amanyadira nawo aja, kuphatikizapo h-index imene ndiifotokoza kutsogoloku, amachokera pamenepa.

Choyamba: gwirani funso limodzi ndipo musalitaye

Ndiyambe ndi nkhani ya kwathu konkuno. Mu 1989, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo Borgstein anasindikiza pepala lofotokoza za ana 131 amene anakomoka ndi malungo a mu ubongo ku Blantyre. M'pepalamo munatuluka muyeso wosavuta woonera kuti mwana wakomoka kwambiri bwanji. Woyeza amaona ngati maso a mwanayo akutsatira chinthu, mmene thupi likuchitira akamva ululu, ndi kaliridwe kake, kenako n'kupereka nambala yoyambira pa 0 kulekeza pa 5. Muyeso wa akuluakulu wa ku Glasgow umafuna munthu woti ayankhe mafunso, ndipo mwana wa zaka ziwiri sangakuuzeni tsiku kapena kumene ali. Lero muyeso wa ana uja umadziwika ndi dzina loti Blantyre Coma Score, ndipo pafupifupi aliyense wolemba za malungo aakulu a ana amakakamizika kutchula pepala la 1989 lija, chifukwa ndi limene amayezera odwala ake.

Tsopano onani zimene Terrie Taylor anachita pambuyo pake. Funso lake linakhalabe lomwelo: n'chiyani kwenikweni chimapha ana amenewa? Mu 2004 gulu lake linaonetsa, litapima matupi a ana omwalira, kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo anafa ndi matenda ena. Mu 2015, pogwiritsa ntchito makina a MRI ku chipatala cha Queen Elizabeth, Karl Seydel ndi gulu lomwelo anaonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumayendera limodzi ndi imfa ya anawa. Zaka zoposa 25, funso limodzi. Munthu akamafufuza za nkhaniyi kulikonse padziko, amakumana ndi dzina lomwelo pa khomo lililonse.

Ambiri a ife timachita zosiyana. Chaka chino tili pa malungo chifukwa kwabwera ndalama za malungo, chaka chamawa tili pa kolera, chinacho pa kadyedwe ka ana. Sindikunyoza, pakuti lendi sidikira ndipo ana ayenera kupita kusukulu. Koma pakati pa maganyu amenewa sungani munda wanuwanu, ngakhale waung'ono. Tengani kope, lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi chimene agogo anu angamve. Kuno ku Lilongwe mafunso ali mbwee. Katemera wa malungo wa RTS,S anayamba kuperekedwa kwa ana pa 23 Epulo 2019 ku Mitundu, Malawi kukhala dziko loyamba mwa atatu, enawo ndi Ghana ndi Kenya. Kodi chitetezo chimene katemerayu amadzutsa chimakhala nthawi yaitali bwanji mwa mwana amene alinso ndi njoka zam'mimba kapena likodzo? Nanga mwana woperewera zakudya? Kodi nkhono za m'madambo ndi m'madamu othirira mbewu zikufalitsa likodzo la mtundu uti? Sankhani limodzi. Kenako lowani pa PubMed, tsamba la pa intaneti losakirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, ndi yaulere, muwerenge mapepala osachepera makumi awiri okhudza funsolo musanauze aliyense kuti mwatulukira chatsopano. Nthawi zambiri mupeza kuti wina anayankha kale theka lake, ndipo theka lotsalalo ndilo lanu.

Chachiwiri: pezani khomo lolowera

Apa sinditaya nthawi, chifukwa makomo ake ndi odziwika. Maphunziro a za labu ndi zaumoyo alipo ku KUHeS, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, komanso ku MUST ku Thyolo ndi ku Malawi College of Health Sciences. Amene mumakonda tizilombo todutsa pakati pa ziweto ndi anthu musaiwale LUANAR. Malo ochitira kafukufuku ndi monga UNC Project, ya yunivesite ya North Carolina, pa chipatala cha Kamuzu Central, imene inali amodzi mwa malo 11 m'maiko 7 a mu Africa amene anayesa katemera wa RTS,S pa gawo lake lachitatu. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome, Blantyre Malaria Project ndi Malaria Alert Centre. Ku unduna wa zaumoyo kuli PHIM (Public Health Institute of Malawi) ndi malabu ake.

Lowani ndi ntchito iliyonse imene yapezeka, ngakhale yolemba manambala pa timabotolo. Chofunika ndi kupeza munthu wamkulu wokuphunzitsani. Musanamusankhe, yang'anani mapepala ake a zaka zisanu zapitazi, muone ngati ophunzira ake a Chimalawi amaoneka koyambirira kwa mndandanda wa olemba. Ngati onse ali pakati kapena mulibemo n'komwe, mwadziwiratu kumene inunso mudzakhale. Ndalama za Masters ndi PhD zimachokera ku mabungwe ngati Wellcome, Fogarty ya ku America, EDCTP, TDR ya WHO ndi Commonwealth, ndipo onsewa amafunsa chinthu chimodzi asanamve zambiri: mwalembapo chiyani?

Chachitatu: konzani dzina lanu pepala loyamba lisanatuluke

Iyi ndi ntchito ya mphindi khumi imene anthu amalira nayo zaka khumi akaiphonya. Kuno a Banda, a Phiri ndi a Mwale tilipo ambiri. Lembani "Banda M" pa PubMed muone khamu limene lituluke. Kompyuta siidziwa kuti Banda wa malungo ndi wina, Banda wa matenda a maso ndi wina.

Sankhani kalembedwe kamodzi ka dzina lanu, ndi chilembo cha dzina lapakati ngati muli nalo, ndipo musasinthenso. Amayi amene mwayamba kusindikiza ndi dzina la kwa makolo, ganizirani bwino musanasinthe mukakwatiwa; ambiri amasunga lakale kapena kulumikiza onse awiri. Kenako pitani pa tsamba la ORCID, kaundula wozindikiritsa ofufuza amene anayamba mu 2012, mulembetse kwaulere. Akupatsani nambala ya manambala 16 imene ndi yanu moyo wonse. Ikanimo imelo yanu ya inu eni pambali pa ya kuntchito, chifukwa pulojekiti ikatha imelo yake imatsekedwa. Nambalayi muziipereka nthawi iliyonse potumiza pepala. Dzina la malo anu antchito nalonso muzililemba mofanana, monga mmene eniake amalilembera.

Ine ndinachedwa kuchita zimenezi. Mapepala anga atatu oyamba ali ndi mayina atatu osiyana, lina lolakwika chilembo chimodzi, ndipo kuti ndiwasonkhanitse pamodzi ndinalemba makalata miyezi ingapo.

Chachinayi: chilolezo, ndiponso kasungidwe ka masampulo

Musatenge dontho la magazi kwa munthu aliyense musanalandire kalata ya komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali. Kuno ku Lilongwe kuli komiti ya dziko lonse ya NHSRC, ndipo amene muli pansi pa KUHeS mumadzera ku komiti ya pa yunivesiteyo, yodziwika kuti COMREC. Ngati mukuyesa mankhwala kapena katemera, bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA nalonso liyenera kuvomereza. Palibe jenala (magazini yosindikiza mapepala a kafukufuku) yolongosoka imene ingalandire pepala lopanda nambala ya chilolezo, ndipo chilolezo sichiperekedwa cham'mbuyo. Fomu yopempha chilolezo kwa kholo kapena wodwala ikhale m'Chichewa chomveka. Pa nkhani ya magazi muzifotokoza bwinobwino kwa mafumu ndi makolo kuti mutenga ochuluka bwanji, apita kuti, ndipo otsala mutani nawo. Tonse tikudziwa mmene mphekesera za anamapopa zimayendera m'midzi, ndipo kafukufuku wabwino akhoza kufera pa bwalo la mfumu chifukwa cha kufotokoza mwachidule.

Za kasungidwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene wa mu labu ali ndi mphamvu zimene sazidziwa. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar, chifukwa tizilombo ta malungo tinali titasiya kumva mankhwalawo. Patapita zaka, James Kublin ndi anzake anabwerera ku magazi akale osungidwa ku Blantyre n'kupeza kuti chizindikiro cha kusamva chloroquine mu tizilomboti chinatsika kuchoka pa 85 pa 100 alionse mu 1992 kufika pa 13 mu 2000. Izi zinatsegula njira ya kafukufuku wa Miriam Laufer wa mu 2006, amene anaonetsa kuti chloroquine anachiritsa ana 99 pa 100 alionse ku Blantyre. Dziko lonse linaphunzirapo kuti mankhwala ukawasiya, tizilombo tikhoza kuyambanso kuwamva. Zonsezi zinatheka chifukwa munthu wina mu 1992, amene mwina sanalotepo za pepala, analemba tsiku molondola n'kusunga sampulo pamalo abwino.

Choncho lembani chilichonse: tsiku, nthawi, malo, nambala ya wodwala, ndi amene watenga. Magazi oumitsa pa kapepala kosefera ndi bwenzi la wofufuza wosauka, chifukwa akauma bwino n'kuikidwa m'kathumba kokhala ndi zoyamwa chinyontho amasungika nthawi yaitali ndipo amagwira ntchito pa PCR (njira yopezera DNA ya kachilombo) ngakhalenso poyeza ma antibody, zida zimene thupi limapanga polimbana ndi matenda. Maselo oyera a m'magazi ndi ena: amafuna kulekanitsidwa pasanathe maola ambiri ndi kusungidwa mu nayitrojeni wamadzi, apo ayi afa ndipo makina owerenga maselo a flow cytometry akupatsani zinyalala. Pa labu ina imene ndinagwirako, magetsi anazima Lachisanu usiku, jenereta inalibe mafuta, ndipo Lolemba tinapeza filiza ya -80 ikudontha madzi. Ntchito ya nyengo yonse ya dzinja inathera pomwepo, ndipo malungo a dzinja limenelo sangabwererenso kuti muwayezenso. Kuyambira pamenepo sampulo iliyonse ndimaigawa pawiri, m'mafiliza awiri osiyana. Ngati masampulo akupita kunja kwa dziko, pakhale pangano lolembedwa la kasamutsidwe kake, ndipo muliwerenge nokha, makamaka ndime yonena za amene adzalembe zotsatira.

Chachisanu: kambiranani za mayina ntchito isanayambe

Apa ndi pamene ambiri timagwa, chifukwa cha ulemu wathu womwewu. Timaopa kufunsa a Pulofesa kuti, "Kodi dzina langa lidzakhala pati?" poganiza kuti tioneka amwano. Ndiye pepala limatuluka, inu amene munagona m'midzi miyezi isanu ndi umodzi mukupezeka kumapeto, m'kandime kothokoza, pamodzi ndi dalaivala. Kandime kameneko makina owerenga kutchulidwa sakaona n'komwe.

Dziwani malamulo ake. Bungwe la akonzi a majenala a zachipatala lotchedwa ICMJE limati wolemba ndi amene wakwaniritsa zinthu zinayi: wathandiza kwambiri pokonza kafukufuku, kapena potolera, kusanthula kapena kutanthauzira zopezeka, walemba nawo kapena kuunika mozama zolembedwazo, wavomereza pepala lomaliza, ndipo wavomera kuyankhapo ngati pali mafunso pa ntchitoyo. Limanenanso kuti amene wakwaniritsa choyambacho apatsidwe mpata wochita zotsalazo. Ndiye kuti munthu sangakumaneni mwayi wowerenga pepala kenako n'kunena kuti simunalembe nawo.

Funsani mwaulemu koma molemba. Imelo yaifupi ikukwana: "Bambo, ndimafuna ndidziwe mapepala amene atuluke mu ntchitoyi, ndiponso ngati pali limodzi limene ndingalitsogolere ineyo." Pa sayansi ya zaumoyo, dzina loyamba ndi la amene wagwira ntchito yaikulu n'kulemba, lomaliza ndi la mkulu wotsogolera gulu. Apakati onse amalandira kutchulidwa mofanana pa manambala, koma komiti yopereka ndalama za PhD imayang'ana kaye mapepala amene inu muli koyamba. Pepala limodzi laling'ono limene mwatsogolera lidzakutsegulirani makomo kuposa asanu amene muli wa nambala 14.

Chenjeraninso ndi mapepala a magulu aakulu. Zotsatira zomaliza za RTS,S zinatuluka mu The Lancet mu 2015 pansi pa dzina la gulu lonse, anthu ake n'kulembedwa pamndandanda wapadera. Mapepala otere makina ena amawalumikiza ndi dzina lanu, ena ayi. Ngati muli m'gulu lotere, liikeni nokha pa ORCID yanu ndi pa CV, mofotokoza bwino kuti munali membala wa gululo.

Chachisanu ndi chimodzi: sankhani kosindikiza

Funso loyamba likhale lakuti, amene akufunika kuwerenga ntchitoyi amawerenga kuti? Za malungo zimawerengedwa kwambiri mu Malaria Journal ndi mu American Journal of Tropical Medicine and Hygiene. Za likodzo ndi kaodzera zili ndi kwawo mu PLOS Neglected Tropical Diseases ndi Parasites & Vectors. Musanyoze Malawi Medical Journal: imapezeka pa PubMed, ndipo pa pepala loyamba lokhudza zochitika m'zipatala zathu ndi malo abwino. Pepala lotsegukira aliyense kwaulere limafika kwa anthu ambiri, kuphatikizapo a clinical officer a ku Kabudula amene alibe ndalama zogulira pepala limodzi. Majenala otere amalipiritsa wolemba, nthawi zina madola masauzande, koma ambiri amakhululukira ofufuza a m'maiko osauka ngati Malawi. Pemphani kukhululukidwako pa nthawi yotumiza, osati pepala litalandiridwa kale. Kuti inuyo muwerenge mapepala otsekedwa, funsani woyang'anira laibulale ya pamalo panu za Hinari, njira imene WHO inayambitsa mu 2002.

Mukangosindikiza kamodzi, muyamba kulandira maimelo okutamandani, okutchulani Dokotala Wolemekezeka, olonjeza kusindikiza pepala lanu m'masiku asanu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Majenala amenewa amangofuna ndalama, saunika kanthu, ndipo pepala likalowa mmenemo latayika: simungalitumizenso kwina, ndipo ofufuza enieni salitchula. Onani ngati jenalayo ili m'mindandanda ya majenala ounikidwa monga DOAJ, Scopus kapena MEDLINE, ndipo funsani mkulu wanu musanalipire kalikonse.

Mutu wa pepala ukhale ndi mawu amene munthu angalembe pofufuza: dzina la kachilombo, gulu la anthu, ndi dziko. Akakukanani koyamba musadabwe, onse amakanidwa. Werengani ndemanga za ounika, dikirani masiku awiri mkwiyo uphwe, konzani, tumizani kwina.

Chachisanu ndi chiwiri: tsegulani mbiri yanu, phunzirani kuwerenga manambala

Pepala likatuluka, tsegulani mbiri pa Google Scholar, tsamba la Google losakira mapepala a kafukufuku, ndi akaunti yanu ya Gmail, ikani imelo ya kuntchito kuti atsimikize, ndipo muiike poti aliyense aione. Sankhani kuti azikufunsani kaye asanawonjezere pepala latsopano. Mukalola kuti aziwonjezera okha, mudzadzuka tsiku lina muli ndi mapepala a za ulimi wa fodya a Phiri wina, ndipo anthu odziwa akaona amayesa mwachita dala.

Pambali pa dzina lanu muona manambala atatu. Yoyamba ndi kuchuluka kwa kutchulidwa konse. Ina ndi i10-index, kutanthauza mapepala anu amene atchulidwa kakhumi kapena kuposerapo. Yotchuka ija ndi h-index, imene anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku San Diego, mu 2005. Kawerengedwe kake mukhoza kukachita pa kope. Ndandalikani mapepala anu kuyambira lotchulidwa kwambiri. Tiyerekeze muli ndi asanu ndi awiri, otchulidwa motere: 52, 20, 9, 6, 4, 1, 0. Tsikani mukufunsa: kodi pepala loyamba latchulidwa kosachepera kamodzi? Inde. Lachiwiri kawiri? Inde. Lachitatu katatu, lachinayi kanayi? Inde. Lachisanu kasanu? Ayi, lili ndi 4. Ndiye h-index yanu ndi 4. Onani kuti ngakhale pepala loyamba lija litafika pa 500, nambalayi siisuntha. Kuti ifike pa 5 pakufunika munthu mmodzi yekha atchule pepala lachisanulo.

Mukayang'ana pa Scopus kapena Web of Science mupeza nambala yocheperapo, ndipo musaganize kuti akuberani. Google Scholar imawerenga zonse, ngakhale zolemba za ophunzira ndi malipoti, pamene enawo amawerenga majenala amene ali m'ndandanda wawo okha. Polemba CV nenani kumene nambala yachokera ndi tsiku limene mwaiona. Impact factor, imene inachokera ku ntchito ya Eugene Garfield, ndi ya jenala, si ya munthu ayi. Amatenga kutchulidwa kwa chaka chimodzi kwa mapepala a zaka ziwiri zam'mbuyo, n'kugawa ndi chiwerengero cha mapepalawo. Pepala lofooka likhoza kukhala mu jenala ya nambala yaikulu. N'chifukwa chake chikalata cha DORA, chimene chinayambira ku San Francisco mu 2012, chimapempha mabungwe kuti asayeze munthu ndi nambala ya jenala.

Ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Pepala lotuluka lero, amene aliwerenge mawa ayenera kuchita kafukufuku wake, kulemba, kudikira ounika, ndiye kutchulidwa kwanu kuonekere. Zaka ziwiri kapena zitatu zimatha. Kutsegula Google Scholar m'mawa uliwonse kungokuthetsani bandulo.

Chachisanu ndi chitatu: yesani kuwerenga mbiri ya wasayansi wina

Iyi ndi njira yabwino yophunzirira, ndipo idzakuthandizani posankha wokuphunzitsani. Tengani munthu wodziwika, mwachitsanzo Henry Mwandumba wa ku Malawi-Liverpool-Wellcome, katswiri wa chitetezo cha m'mapapo pa nkhani za HIV ndi TB, amene analandira mphoto ya Royal Society Africa Prize mu 2019, kapena Janelisa Musaya amene amafufuza za kaodzera ndi likodzo. Musayambe ndi nambala yaikulu ya pamwamba. Sanjani mapepala motsata zaka, mupite pansi penipeni, muone pepala loyamba: linali la chiyani, anali pa malo ati pamndandanda? Kwerani pang'onopang'ono mukuona pamene dzina linayamba kuoneka koyamba, ndi pamene linasamukira kumapeto, chizindikiro choti munthu wayamba kutsogolera gulu lake. Kenako sanjani motsata kutchulidwa, muone ngati mapepala a pamwamba ali a kafukufuku wakewake, kapena ndi ongosonkhanitsa zimene ena anapeza, kapena ndi a magulu a anthu mazana. Mitundu iwiri yomalizayi imakolola kutchulidwa kwambiri mwachibadwa. Dinani pa nambala ya pepala limodzi muone amene akulitchula: ndi anthu a maiko osiyanasiyana, kapena ndi mwiniwake ndi anzake a mu ofesi imodzi? Scopus imalola kuchotsa kudzitchula wekha kuti muone chotsala.

Chachikulu, musayerekeze anthu a minda yosiyana. Ofufuza za chitetezo cha m'thupi ndi ochuluka padziko lonse, chifukwa nkhani zawo zimakhudza khansa, katemera ndi HIV, ndiye amatchulana kwambiri. Ofufuza za kaodzera wa mtundu wa rhodesiense, uja amafala ndi kashembe ku Nkhotakota, Kasungu ndi Rumphi, akhoza kukwana m'holo imodzi. Komatu kafukufuku amene anachitikira ku Rumphi ndi ku Uganda ndiye anachititsa kuti mu Disembala 2023 bungwe la ku Ulaya loona za mankhwala livomereze fexinidazole, mankhwala akumwa, pa matenda amene kale odwala kwambiri ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi arsenic amene ankapha ena mwa odwalawo. Pepala lotere mwina silidzafika pa manambala a pepala wamba la za maselo a T a chitetezo cha m'thupi, koma funsani namwino wa ku Rumphi kuti lofunika ndi liti. Ngati mukufuna muyeso woganizirako kusiyana kwa mindaku, chida chaulere cha iCite cha NIH chimayerekeza pepala ndi anzake a nkhani yofanana. Zaka nazonso ziwerengedwe: h-index siitsika, imangokwera ndi msinkhu, choncho wa zaka 60 ndi wa zaka 32 sangaikidwe pa sikelo imodzi.

Chomaliza: zochita kamodzi pa chaka

Sankhani mwezi umodzi, ine ndimachita mu Juni malungo akachepa ndipo labu ikapumako. Tsegulani ORCID, Google Scholar ndi mbiri yanu ya pa Scopus. Chotsani mapepala a eni ake, phatikizani olembedwa kawiri, pemphani kuti akonze pamene dzina lalakwika. Lembani manambala a chakacho m'kope limodzi ndi tsiku lake. Werengani mapepala asanu mwa amene akutchulani posachedwa, muone ngati anakumvetsani, ndipo amene wagwiritsa bwino ntchito zanu mulembereni kalata yaifupi, chifukwa maubale ambiri a kafukufuku amayamba choncho.

Pa kope lomwelo tsegulani tsamba lina la zimene makina sawerenga: tsiku limene munakafotokoza zotsatira kwa a National Malaria Control Programme kapena kwa akuluakulu a zaumoyo a boma la Lilongwe, malangizo a unduna kapena a WHO amene atchula ntchito yanu, ophunzira amene mwawaphunzitsa kupaka utoto wa Giemsa ndi kuwerenga silaidi, ndi tsiku limene munabwerera kumudzi kumene munatenga magazi kukawauza anthu zimene munapeza. Mabungwe ena opereka ndalama, Wellcome ndi amodzi mwa iwo, tsopano amafunsa kuti mufotokoze m'mawu zimene ntchito yanu yasintha, ndipo pofika tsiku lodzaza fomu zambiri mudzakhala mutaiwala.

Mtsikana wa pa minibasi uja analembetsa ORCID sabata yomweyo. Panopa akusanthula mabuku a mu labu a zaka zitatu, kuyerekeza zotsatira za kachipangizo koyezera malungo mwachangu ndi za pa maikulosikopu, ndipo kalata yake yopempha chilolezo ili ku komiti. Dzina lake ndi limene lili koyamba, ndipo imelo yovomereza zimenezo anaisindikiza n'kuiika m'faelo.